Kodi a Phiri Onse ndi a Magazi Amodzi?

Pachipatala ku Kafue Estates, namwino akatuluka n'kuitana kuti "a Phiri!", si zachilendo kuona anthu atatu akunyamuka pabenchi nthawi imodzi. Amayang'anana, n'kuseka, wina n'kufunsa kuti, "Nanga inu kwanu n'kuti?" Uyu ati ku Katete, uyo ati ku Lundazi, wachitatu ati agogo ake anachokera ku Kasungu kalekale, iye anabadwira konkuno ndipo kumudzi sanapondeko. Pofika pakhomo la adokotala amakhala atayamba kale kutchulana "akulu anga" ndi "alongo anga".

Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka. Nyumba za ku Estates zinamangidwa kuti muzikhala antchito a m'mafakitale amene anadzalidwa kuno dziko litangolandira ufulu, monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba ntchito mu 1970, ndi ya nsalu ya Kafue Textiles. Ntchito zinakoka anthu kuchokera kumbali zonse. Mumsewu umodzi munakhala a Mudenda a kum'mwera, a Mulenga a kumpoto, a Mubita a kumadzulo, ndi khwimbi la akum'mawa: a Banda, a Phiri, a Tembo, a Mwale, a Zulu, a Jere. Fakitale ya nsalu inatseka, koma mayinawo anatsala, ndipo lero ali pa zidzukulu.

Kodi ubale wa pabenchi uja ndi wa magazi, kapena ndi wa dzina lokha? Kale funso limeneli linkapita kwa agogo basi. Masiku ano kuli makampani a kunja amene amati mungowatumizira malovu m'kabotolo, iwo akuuzani kumene makolo anu anachokera. Njirayi inathandizadi anthu a ku England ndi a pachilumba cha Malta kufufuza mayina awo. Kwathu kuno imagwiranso ntchito, koma imayankha funso losiyana ndi limene ambiri amaganiza kuti afunsa.

Zimene zili m'malovu

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, tosaoneka ndi maso paokha. M'kati mwa selo muli DNA, kaulusi kataliitali kopiringizika kamene kamasunga malangizo a chibadwa cha munthu. Malangizowo analembedwa ndi timankhwala tinayi tokha, timene akatswiri amatiimira ndi zilembo A, C, G ndi T. DNA imakhala yomangidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu. Mitolo 23 imachokera kwa mayi, ina 23 kwa bambo, ndipo mbali iliyonse ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. M'malovu mumakhala maselo osupuka m'kati mwa masaya, n'chifukwa chake safuna kukubayani jakisoni.

Gawo lalikulu la DNA limasakanizika pa m'badwo uliwonse. Mwana amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, pafupifupi kota kwa gogo aliyense, ndipo mukabwerera mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, gawo la kholo limodzi limakhala litachepa kwambiri moti n'kovuta kulizindikira.

Pali tizigawo tiwiri timene sitisakanizika choncho. Koyamba ndi kromozomu Y, imene imachititsa kuti mwana abadwe wamwamuna. Bambo amaipereka kwa ana ake aamuna okha, iwonso kwa ana awo aamuna, pafupifupi yosasintha. Kachiwiri ndi DNA ya m'timatumba topanga mphamvu m'selo, totchedwa mitokondiriya. Iyi ndi yaifupi, ya zilembo 16,569, ndipo imachokera kwa mayi yekha. Ana onse, aamuna ndi aakazi, amailandira, koma amene amaipititsa patsogolo ndi ana aakazi okha.

Zikanakhala kuti sizisintha n'komwe, amuna onse padziko akanakhala ndi Y yofanana. Koma zili ngati kaundula wa mpingo amene amakoperedwa pamanja. Mlembi wina akaphonya chilembo chimodzi, onse okopera kwa iye amatenga cholakwacho, ndipo patapita zaka mungadziwe mabuku amene anachokera m'dzanja limodzi poona zolakwa zimene akufanana. Ku labotale amawerenga zizindikiro zoterezi pa malo 37, 111 kapena ochuluka kuposa apo. Amuna awiri akafanana pafupifupi ponse, ndiye kuti kholo lawo lachimuna si lakale kwambiri. Akasiyana pambiri, mizere yawo inapatukana zaka masauzande zapitazo.

Pulofesa amene anayeza a dzina lake

Ku Ulaya dzina la banja limayenda njira imodzi ndi kromozomu Y: kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Bryan Sykes, pulofesa wa pa yunivesite ya Oxford, anaona kuti zimenezi zingayesedwe. Analembera amuna a dzina loti Sykes a kumpoto kwa England, ndipo mu 2000 anafalitsa zimene anapeza mwa amuna 48. Pafupifupi theka anali ndi Y yofanana, kusonyeza kuti anachokera kwa munthu mmodzi amene anakhalako zaka pafupifupi 700 zapitazo. Theka linalo linali la mizere yosiyanasiyana, ya ana oleredwa, ana a kunjira ndi anthu amene anangotenga dzinalo. Chaka chomwecho ku Houston, m'dziko la America, kunatsegulidwa kampani ya Family Tree DNA, imene inayamba kugulitsa kuyeza kotereku kwa anthu wamba.

Pambuyo pake Turi King ndi Mark Jobling a ku yunivesite ya Leicester anayeza mayina ambiri, n'kupeza mfundo imene a Phiri ndi a Banda ayenera kuimvetsa. Dzina losowa, monga Attenborough, limakhala ndi kholo limodzi kwa ambiri a eni dzinalo. Dzina lofala, monga Smith, ayi. Mudzi uliwonse unali ndi wosula zitsulo wake, ndipo aliyense anasiyira ana ake dzina la ntchitoyo, popanda ubale uliwonse pakati pawo.

Chilumba cha mayina ochepa

Malta ndi dziko la zilumba m'nyanja ya Mediterranean, la masikweya kilomita 316 okha, pa mtunda wosakwana makilomita 100 kum'mwera kwa Sicily. Anthu ake ndi opitirira 500,000, ndipo mayina owerengeka ndiwo ali paliponse: Borg, Camilleri, Vella, Farrugia, Zammit, Galea, Micallef. Kumeneko "a Borg" ali ngati "a Banda" ku Chipata.

Anthu a ku Malta ali ndi mwayi umene ife tilibe, wa mapepala akale. Wolemba mbiri Godfrey Wettinger anafalitsa mndandanda wa amuna olondera chilumbachi wa mu 1419, ndipo mayina ambiri a lero alimo kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1500 matchalitchi a Katolika akhala akulemba ubatizo ndi maukwati mosadukiza. Munthu angathe kukwera ndi dzina lake mibadwo 12 kapena kuposa.

Chinkavuta n'chiyambi cha mtunduwo. Chilankhulo chawo chinachokera ku Chiarabu, ndipo mayina ena, monga Borg, amene tsinde lake ndi liwu lotanthauza nsanja, ndi a Chiarabu. Ena ndi a Chitaliyana. Anthu ambiri ankakonda kunena kuti iwo ndi zidzukulu za Afoinike, amalinyero akale a ku Lebanon. Kafukufuku wa kromozomu Y wa mu 2006, wotsogoleredwa ndi Cristian Capelli, anasonyeza kuti amuna a ku Malta amafanana kwambiri ndi a ku Sicily ndi kum'mwera kwa Italy. Izi zikugwirizana ndi mbiri yolembedwa, yoti Aarabu atalanda chilumbachi mu 870 chinatsala pafupifupi chopanda anthu, ndipo chinadzazidwanso cha m'ma 1048 ndi anthu olankhula Chiarabu, amene olemba mbiri ambiri amati anachokera ku Sicily.

Ngakhale kumeneko, dzina si umboni wokwanira. M'nthawi ya asilikali achipembedzo a St John, amene analamulira kuyambira 1530 mpaka 1798, pachilumbapo panali akapolo ambiri ochokera ku Turkey ndi kumpoto kwa Africa. Kapolo akabatizidwa ankatha kulandira dzina la mbuye wake kapena la womuimira pa ubatizo. Motero pansi pa dzina limodzi pamatha kupezeka mizere ingapo ya Y.

Kwathu dzina linasintha njira

Apa ndi pamene nkhani yathu isiyanira ndi ya ku Malta. Achewa amawerenga ubale kuchikazi. Mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo womuyang'anira pa milandu, pa ukwati ndi pa maliro ndi malume ake, mwinimbumba. Pa chikamwini mwamuna ndiye amasamukira kumudzi kwa mkazi. Mbiri ya pakamwa, imene Samuel Ntara anailemba m'buku la Mbiri ya Achewa, imakamba za mafuko awiri aakulu: a Phiri, eni ufumu wa Kalonga, ndi a Banda, amene ankagwira za kachisi ndi kupempha mvula. Ufumu wa a Phiri umayenda kudzera mwa amayi, mu mzere wa Nyangu. Mpaka lero mpando wa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete, sapatsa mwana wa mfumu. Umapita kwa wobadwa kwa mkazi wa m'banja lachifumu.

Koma dzina limene lili pa chiphaso cha munthu lero kawirikawiri ndi la bambo. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kufupi ndi Fort Jameson, Chipata wa lero, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anapeza kuti chiwongo chinkachokera kale kwa bambo ngakhale kuti mbumba, minda ndi maudindo zinkatsata mayi. Ambiri amati kusinthaku kunabwera ndi Angoni, ndipo amishoni, masukulu ndi alembi a boma anakukhomerera.

Chitsanzo chodziwika ndi Hastings Kamuzu Banda. Bambo ake anali a Banda, koma amayi ake anali a Phiri, ndipo malume ake anali m'busa Hanock Msokera Phiri. Pa kawerengedwe kakale iye anali wa mbumba ya a Phiri. Joyce Banda, pulezidenti wa Malawi kuyambira 2012 mpaka 2014, anabadwa Mtila, u Banda anautenga pa ukwati. Rupiah Banda anabadwira ku Gwanda, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, mu 1937, makolo ake ali kuntchito. Apulezidenti atatu a dzina limodzi, aliyense ndi mbiri yakeyake.

Tsono taganizirani fuko limene kwa zaka mazana ambiri linkayenda kudzera mwa akazi. Mkazi aliyense wa kwa Phiri ankabereka ana ndi mwamuna wa fuko lina, popeza a fuko limodzi sankakwatirana. Ana aamuna a kwa Phiri anali ndi Y za abambo osiyanasiyana. Pamene dzina linatembenuka n'kuyamba kutsata bambo, linayamba ulendo watsopanowo lili kale pa mizere yambirimbiri ya Y. Choncho amuna a Phiri a ku Kafue Estates atayezetsa n'kupezeka kuti Y zawo sizifanana, sizitanthauza kuti wina ananama kapena kuti amayi a winawake anazembera. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Chida choyenera mbumba ndi DNA ya mitokondiriya ija. Munthu, alongo ake, amayi ake, malume ake ndi ana a alongo ake, onse ali nayo yofanana. Ndi njira imeneyi imene inazindikiritsa mafupa a mfumu Richard III ya ku England, imene inaphedwa pankhondo mu 1485 ndipo inafukulidwa pamalo oimika magalimoto ku Leicester mu 2012. Anaiyerekeza ndi ya anthu amoyo ochokera mu mzere wa akazi okhaokha wa mlongo wake, Anne of York, ndipo inafanana. Y yake sinafanane ndi ya amene mapepala ankati ndi abale ake a kuchimuna. Akuluakulu a kwathu amene amati mayi ndiye sakayikitsa angamve nkhaniyi akugwedeza mutu. Vuto la DNA ya kuchikaziyi n'lakuti imasintha pang'onopang'ono kwambiri. Ikasiyana, mwadziwa kuti simuli a bere limodzi. Ikafanana, gogo amene akukulumikizani angakhale wa zaka 100 zapitazo kapena wa zaka 2,000.

Angoni, zitupa ndi alembi a kumigodi

Angoni amatsata bambo, motero wina angaganize kuti kwa a Jere, a Zulu ndi a Nkhosi njira ya Sykes ingayende bwino. M'banja lachifumu ingayendedi. Koma gulu limene Zwangendaba anaoloka nalo Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, linali losakanizika kale ndi anthu otengedwa m'njira. Kutsidya lino anawonjezera Ansenga, Achewa, Atumbuka ndi ena. Ogwidwa ankaikidwa m'mabanja a ankhondo, anyamata n'kulowa m'magulu a nkhondo, ndipo ena anatenga ziwongo za owasunga. Angoni a Mpezeni amavina ingoma pa Nc'wala ku Mtenguleni, koma kunyumba amalankhula chilankhulo chimene anayamwa kwa amayi achinsenga.

Atsamunda anawonjezera msokonezo wawo. Mlembi wa pamgodi kapena pafamu akafunsa dzina lachiwiri, munthu ankatchula dzina loyamba la bambo ake, ndipo ndimo munachokera mayina a mabanja onga Jailosi ndi Laisoni. Mwana wophunzitsidwa ndi malume ankalembetsa dzina la malumewo. Wina ankabwereza kalasi pa dzina la mbale wake, dzinalo n'kumukanirira moyo wonse. Wochokera ku Nyasaland kapena ku Tete ankatha kusintha dzina kuti chitupa chisamuvutitse. Zitupa za dziko za NRC zitayamba mu 1965, zonsezi zinadindidwa n'kukhala zokhazikika.

Pamene DNA inavomereza agogo

Sikuti nthawi zonse sayansi imatsutsa mbiri ya pakamwa. Alemba a ku Mberengwa ku Zimbabwe ndi a ku Limpopo ku South Africa akhala akunena kuti makolo awo aamuna anabwera pangalawa kuchokera kumpoto, kumalo otchedwa Sena. Sadya nkhumba, ndipo amatsata bambo mosamalitsa. Mu 1996 Amanda Spurdle ndi Trefor Jenkins a pa yunivesite ya Witwatersrand anapeza kuti zoposa theka za Y zawo zinachokera ku Middle East, pamene mzere wa amayi ndi wa muno mu Africa. Kafukufuku wa mu 2000 anapeza kuti chizindikiro china chofala mwa ansembe achiyuda chinali chochuluka m'fuko limodzi, la Buba, ndipo manyuzipepala anakuwa kuti fuko lotayika la Isiraeli lapezeka. Mu 2013 Himla Soodyall atayeza mozama, chizindikirocho sichinathenso kusiyanitsa Myuda ndi Mwarabu. Za kunyanja zinatsimikizika, za Chiyuda zinatsala zokangana. Njirayi inatheka kwa Alemba chifukwa mayina a mafuko awo sanasiyepo kutsata bambo, ndiponso chifukwa mzere wachilendowo unali wosavuta kuuona.

Kwa anthu ambiri a ku Zambia ndi Malawi sizili choncho. Amuna ambiri olankhula zinenero za Chibantu ali m'nthambi imodzi yaikulu ya Y yotchedwa E-M2, imene inafalikira ndi alimi ochokera cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon, ulendo umene unayamba zaka 4,000 mpaka 5,000 zapitazo. Mchewa, Mtonga, Mbemba ndi Mngoni angalandire yankho lofanana ndendende. Palibe chizindikiro cha Uchewa m'magazi.

Amene tinawapeza

Pa mafunso akale kwambiri DNA imalankhula momveka. Agogo amakamba za Akafula kapena Abatwa, anthu osaka nyama amene Achewa anawapeza m'dziko lino. Mu 2017 Pontus Skoglund ndi anzake anawerenga DNA ya m'mafupa a ku phiri la Hora ndi ku Fingira kumpoto kwa Malawi, ndi ku Chencherere ku Dedza, ena a zaka pafupifupi 8,100. Anapeza kuti anthuwo anali a mtundu wosiyana ndi alimi, ndipo mwa Amalawi a lero amene anayezedwa, chibadwa chawo sichinaoneke kwenikweni. Mu 2022 kafukufuku wina anawonjezera mafupa a kuphanga la Kalemba, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia.

Koma kumtunda kwa mtsinje womwewu umene umadutsa pa Kafue, m'madambo a Kafue Flats, muli asodzi otchedwa Abatwa. Kafukufuku wa mu 2024 wa Gwenna Breton ndi anzake anayeza anthu 80 a kumeneko ndi a ku nyanja ya Bangweulu, n'kupeza kuti akusungabe gawo la chibadwa cha alenje akalewo, losafanana ndendende ndi la Asan a kum'mwera kapena la alenje a m'nkhalango za ku Congo. Anthu amene akhala akunyozedwa kwa nthawi yaitali ndiwo ali ndi mzere wakale kuposa wa oyandikana nawo.

Musanatumize kabotolo

Kuyezaku kumalipiridwa m'madola ndipo malovu amapita kunja. Kampani imakuyerekezani ndi anthu amene anayezetsa kale, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ku Ulaya ndi America. Wa ku Kafue angalandire pepala la maperesenti a zigawo zikuluzikulu za Africa, popanda ngakhale m'bale mmodzi wopezeka. Kumbukiraninso kuti mukabwerera mibadwo 10 muli ndi malo a makolo 1,024. Y imakuuzani za mmodzi, mitokondiriya za mmodzi, otsalawo ayi.

Zotsatira zimathanso kuphwasula banja. Abale awiri a bambo mmodzi akayezetsa n'kusiyana, nkhaniyo sibwereranso m'botolo. Ndipo DNA yanu si yanu nokha, chifukwa imaulula za ana anu ndi abale anu amene sanavomere. Mu 2023 akuba a pa intaneti anatenga mbiri ya anthu pafupifupi 6.9 miliyoni ku kampani ya 23andMe, ndipo mu 2025 kampaniyo inalengeza kuti yagwa ndi ngongole. Lamulo la Zambia loteteza mbiri ya anthu la mu 2021 limaika za chibadwa m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, koma dzanja lake silifika bwino ku labotale ya kutsidya kwa nyanja. M'dziko limene khoti la ku Ndola linagamula mu 1999 kuti Kenneth Kaunda si nzika chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland, chigamulo chimene chinadzathetsedwa pambuyo pake, nkhani ya kumene munthu anachokera si yoseweretsa.

Wofuna kufufuza dzina lake ayambe ndi zimene sizifuna ndalama. Pa NRC ya bambo ndi ya mayi pali mudzi, mfumu ndi boma. Akapeze munthu wamkulu kwambiri wa mbali iliyonse, azakhali ndi amalume, awafunse chiwongo cha agogo onse anayi, amene anayamba kulemba dzinalo papepala, ndi chifukwa chake. Alembe kapena ajambule mawu pafoni. Akatero ndi pamene angadziwe funso loti apite nalo ku labotale ndi munthu woyenera kuyezedwa: wamwamuna wa mzere wa bambo ngati funso ndi la dzina, aliyense wa bere la amayi ngati funso ndi la mbumba. Ndipo asatumize malovu a munthu wina aliyense, ngakhale a mwana wake wamkulu, asanamufotokozere zimene zingatuluke.